Za haggis ya alendo anu a ku Scotland

Achemwali, mwati alendo a ku Scotland akubwera ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, mu Januwale, mukufuna kuwaphikira haggis koma mwamva kuti ndi yoletsedwa. Mtima pansi. Chiletsocho ndi cha ku America, kumene kuyambira 1971 salola mapapo a ziweto kugulitsidwa ngati chakudya cha anthu. Kwawo ku Scotland amadya, makamaka pa 25 Januwale, ndipo kuno mapapo timawaona pa butchala tsiku lililonse.

Haggis ndi zamkati basi: mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa, kusakaniza ndi oats (mbewu yonga tirigu), anyezi, mafuta a nyama, mchere ndi tsabola, n'kuziphikira m'chifu. Nkhosa kuno n'zosowa, musavutike nazo. Mbuzi ikwanira.

Pamene ndikufuna mumvetsere ndi pogula. Lawirirani pa Chitakale kapena ku Limbuli, ndipo wogulitsayo mumuuziretu dzulo lake kuti akusungireni zonse pamodzi, chifu chosang'amba, chifukwa anzathuwa amachidula msanga kuti akulunge nthumbwana. Funsani ngati a zaziweto ayiyeza nyamayo, muone chidindo ndi maso anu. Nyengo ya mvula ino zamkati sizichedwa kununkha. Mapapo akhale ofiirira bwino, ofewa, opanda timatumba tamadzi kapena zotupa zolimba. Chiwindi chichekeni pomwepo. Mukaona nyongolotsi zaphwatalala kapena timizere toyera tolimba, chisiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Ndulu muchotse mosamala, ikaphulika zonse zawawa.

Chifu mutsuke kangapo, muchitembenuze, chigone m'madzi amchere. Powiritsa zamkatizo, kholingo lilendewere kunja kwa poto kuti zoipa za m'mapapo zizitulukira m'mbale. Zikazizira muziduladule tating'onoting'ono. Oats mukazinge pang'ono wopanda mafuta. Ngati pa boma wasowa, m'masitolo a ku Limbe sasowa. Pothira m'chifu mungopitirira theka pang'ono poti oats amafufuma, kenako musoke, mubowolebowole ndi singano, chiwire pamoto wochepa maola atatu. Mbatatesi yosinja ndi dzungu zikhale pambali.

Koma pempho langa ndi ili: pambuzi yomweyo matumbo atsala, ndiye muwakulungire nthumbwana, muphike ndi tomato ndi kambuzi, nsima ikhalepo. Anthuwa haggis amaidziwa kale. Ine zingandiwawe atakwera phiri lathu n'kubwerera kwawo osalawa zathu.