Kiyi ya API isakhale m'kati mwa app

Achimwene, mukufuna kuika chatbot (pulogalamu yocheza ndi anthu n'kumawayankha) mu app yanu ya Android. SDK yake, yomwe ndi zida zokonzedwa kale zolumikizira chatbot ku app, ilowetseni kudzera mu Gradle, chida chomangira ma app a Android, ndipo muziiyambitsa kamodzi kokha mu class ya Application, gawo la code limene limayamba kugwira ntchito app ikamatsegulidwa. Koma kiyi ya API, mawu achinsinsi amene eni chatbot amakuzindikirirani pokulipiritsani, musaiike mu app ayi. Isungeni pa seva yanu, foni izingolankhula ndi sevayo.

Izi zinandionekera ine. Fayilo ya APK, yomwe ndi app imene anthu amaika pa foni, ndi zip chabe, munthu amaitsegula ndi pulogalamu yotchedwa jadx n'kuwerenga za m'katimo ngati kalata. Ndinaika kiyi mu strings.xml, fayilo yosunga mawu a mu app, poganiza kuti palibe angafikeko. Posakhalitsa wina anayamba kuigwiritsa ntchito, bilu ikubwera kwa ine. Zinandipweteka kwambiri, ndipo sindikufuna kuti zikuchitikireni.

Musaiwale chilolezo cha INTERNET mu AndroidManifest.xml, fayilo yolembamo zilolezo za app. Seva ikhale ya https, chifukwa ma app opangidwira Android 9 kupita m'tsogolo amakana http wamba pokhapokha mutaloleza nokha. Yesaninso release build (app imene mudzatulutsire anthu), osati debug (yoyeserera) yokha. R8, chida chochepetsa kukula kwa app popanga release build, nthawi zina imachotsa ma class amene SDK imawafuna, app n'kumangozima mukatsegula chatbot.

Ngati anthu azilembamo za matenda awo kapena za ndalama, musanatulutse app-yo pezani katswiri wa chitetezo cha pa intaneti ndi loya aiunike kaye.