Funsani za Galimoto: Kodi mtengo woyenera wosinthira oyilo ndi uti?

FUNSO: Akonzi, ine ndine mayi wa ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, ndipo ndili ndi galimoto ya mtundu wa Toyota Sienta ya injini ya 1.5 imene ndimapitira ku ntchito komanso kutengera ana kusukulu. Nthawi yosintha oyilo itakwana ndinakafunsa mitengo malo atatu. Makaniko wina amene amagwirira ntchito pansi pa mtengo ananditchulira K55,000, galaja ina ya ku Biwi inati K110,000, pamene galaja ina yaikulu ya m'tauni inati K190,000. Onsewo akuti ntchito yake ndi yomweyo, kusintha oyilo ndi fyuluta. Kodi akundibera ndani pamenepa, nanga mtengo woyenera ndi uti? Ndikuopa kuti mwina ena amandikwezera dala poona kuti ndine mzimayi wosadziwa za injini.

YANKHO: Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Poyamba ndikuuzeni kuti n'zotheka kuti mwa atatuwo palibe amene akukuberani, komanso n'zotheka kuti amene akukuberani kwambiri ndi uyo wa K55,000. Mitengo itatu imene mwalembayi payokha siingatiuze chilungamo cha munthu, chifukwa palibe ndi mmodzi yemwe amene anakufotokozerani zimene zili m'kati mwa mtengo wakewo. M'dziko muno bungwe la MERA limalengeza mtengo wa petulo, dizilo ndi palafini, koma palibe bungwe limene limaika mtengo wa ntchito yosintha oyilo pa galaja, choncho chitetezo chanu chagona pa kufunsa kuti ndalamayo igawidwe patatu: ya oyilo, ya fyuluta ndi ya leba. Makaniko amene akukana kukugawirani chonchi, kapena amene akuyankha kuti musadandaule zonse zili momwemo, ameneyo musamusiyire makiyi.

Gawo lalikulu la ndalama limapita ku oyilo weniweniyo, ndipo apa ndi pamene pamabisala nkhani zambiri. Sienta ya 1.5 imene yadzaza m'misewu yathu nthawi zambiri imakhala ndi injini yotchedwa 1NZ-FE, yomwenso imapezeka mu Corolla Axio ndi Probox, ndipo injini imeneyi imalowa oyilo wokwana pafupifupi malita 3.7 mukasintha ndi fyuluta yomwe. Izi zikutanthauza kuti chigubu cha malita 4 n'chokwanira, ndipo ngati akulipiritsani chigubu cha malita 5, lita yoposa imodzi yotsalayo ndi yanu, muitenge muziwonjezerera oyilo akatsika. Magalaja ambiri sabweza oyilo wotsalayu pokhapokha mwini galimoto atafunsa, ndipo zotsalira za galimoto zinayi zimakwana kusinthira galimoto yachisanu imene mwini wake amalipiranso mtengo wathunthu. Yerekezani ndi Toyota Hilux ya dizilo imene imalowa pafupifupi malita 7, mudzaona kuti palibe chifukwa choti mwini Sienta ndi mwini Hilux alipire mofanana.

Kuchuluka kwa malita n'kosavuta kukutsimikiza, chovuta ndi mtundu wa oyilo. Pali oyilo wamba wotchedwa mineral, pali wosakaniza wotchedwa semi-synthetic, ndiponso pali full synthetic amene ndi wodula kwambiri koma amapirira kutentha ndipo sachedwa kufika m'tinjira ting'onoting'ono ta injini mukangoliza galimoto m'mawa. Pa chigubu chilichonse pamalembedwa manambala monga 5W-30, 10W-40 kapena 20W-50. Nambala yoyamba, imene ili pafupi ndi chilembo cha W, imasonyeza mmene oyiloyo amayendera injini ikadali yozizira, ndipo yachiwiri imasonyeza kukhuthala kwake injini ikatentha. Pamakhalanso chizindikiro cha API, chimene pa injini za petulo chimayamba ndi chilembo cha S, monga SL, SN kapena SP, ndipo chilembo chachiwiricho chikamapita kutsogolo ndiye kuti muyezo wake ndi watsopano. Injini yanu inapangidwa kuti izigwiritsa ntchito oyilo wopyapyala monga 0W-20 kapena 5W-30, chifukwa ili ndi makina a VVT-i amene amadalira mphamvu ya oyilo kuti asinthe nthawi yotsekulira mavavu. Amakaniko ambiri kuno amathira 20W-50 m'galimoto iliyonse ponena kuti ku Malawi kumatentha, koma ine sindigwirizana nawo pa injini ngati yanuyi, popeza kutentha kwa m'kati mwa injini kumalamulidwa ndi madzi a mu ladiyeta ndi thermostat, osati dzuwa la mu Okutobala. Injini yokalamba imene yayamba kudya oyilo ingathe kupatsidwa 10W-40, koma chimenecho chikhale chisankho chimene makaniko wakufotokozerani chifukwa chake, osati chifukwa choti ndiye oyilo amene anali pafupi. Buku la galimoto yochokera ku Japan limakhala m'Chijapani, komabe manambala a oyilo amawerengeka ndithu, ndipo pa galimoto zina amalembedwa pa chivindikiro chothirira oyilocho.

Tsono musanapite ku galaja iliyonse, loŵani m'sitolo ya pa malo omwetsera mafuta kapena m'sitolo yodalirika ya masipeya, mufunse mtengo wa chigubu chosatsekula cha 5W-30 ndi wa fyuluta ya injini ya 1NZ-FE. Mtengo wa tsiku limenelo ndiwo muyezo wanu, chifukwa oyilo ndi mafyuluta zimachokera kunja ndipo mitengo yake imatsatira ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene akuyerekeza mtengo wa lero ndi umene ankalipira zimenezi zisanachitike adzaona ngati makaniko aliyense ndi wakuba. Mukaphatikiza mtengo wa oyilo ndi wa fyuluta, chimene chatsala pa mtengo wa galaja ndicho leba ndi phindu lawo, ndipo pamenepo mungathe kuweruza nokha. Ntchito yosintha oyilo pa Sienta simatenga ola lathunthu ndipo siifuna zida zodula, choncho leba imene ikufanana ndi mtengo wa oyilo yense kapena kuposerapo iyenera kufotokozedwa bwino.

Tiyeni tibwerere kwa amakaniko anu atatu. Ngati mutapeza kuti chigubu chosatsekula pamodzi ndi fyuluta zikugulidwa pa mtengo woposa K55,000, ndiye kuti woyambayo sangakuthirireni oyilo ameneyo n'kupezanso phindu, ndipo muyenera kudzifunsa kuti ndalama yake aipeza pati. Yankho lina ndi losalakwika: amakaniko ena amatunga oyilo mu mgolo wa malita oposa 200, amene pa lita amatsika mtengo, ndipo ngati mgolowo uli ndi dzina la kampani ndi manambala ooneka bwino, palibe vuto kupatula kuti kawirikawiri amakhala 15W-40 kapena 20W-50. Mayankho ena ndi oipa. Pali amene amapukuta fyuluta yakale kunja kuti iwale n'kuibwezeretsa, pali amene amagula fyuluta yachinyengo imene m'kati mwake muli pepala lochepa ndipo ilibe vavu yogwira bwino yoletsa oyilo kubwerera pansi injini ikazima, ndipo pali amene amathira oyilo wogwiritsidwa kale ntchito amene wangosefedwa n'kuikidwa m'chigubu cha dzina lodziwika. Oyilo wotereyu sawononga injini tsiku lomwelo, n'chifukwa chake chinyengochi chimapitirira. Amasiya phala lakuda limene limatseka sefa ya pampu ya oyilo pang'onopang'ono, kenako tcheni cha taimingi chimayamba kulira m'mawa, ndipo pamene nyali yofiira ya oyilo ikuyaka pa dashibodi, mtengo wokonzera injini umakhala utaposa ndalama zonse zimene munapulumutsa.

Wa K190,000 naye asaweruzidwe msanga. Galaja yaikulu imalipira lendi, magetsi ndi malipiro a antchito, ndipo ngati inalembetsa ku MRA imawonjezera msonkho wa VAT umene ndi woposa 16 peresenti, pamene wa pansi pa mtengo alibe zonsezi. Ngati mu mtengowo muli full synthetic, fyuluta yeniyeni ya Toyota, washa yatsopano ya pa bawuti yokhuthulira oyilo, kuyang'ana mabuleki, madzi a mu ladiyeta ndi malamba, komanso lisiti limene mungabwerere nalo zinthu zikalakwika, mtengowo ungakhale wachilungamo. Njira yabwino yoyerekezera ndi kugawa ndalamayo ndi makilomita amene muyende musanasinthenso. Oyilo wamba amasinthidwa pa makilomita pafupifupi 5,000, choncho ngati galaja ya K110,000 imathira oyilo wotereyu ndiye kuti ndi K22 pa kilomita, pamene full synthetic angafike makilomita 10,000, ndipo K190,000 ikutanthauza K19 pa kilomita. Komabe musathamangire kunena kuti wodulayo wapambana, chifukwa galimoto yoyenda m'misewu yafumbi, kapena yoyenda maulendo afupiafupi a kusukulu ndi kuima nthawi yaitali pa mzere wa magalimoto injini ikulira, imadetsa oyilo msanga, ndipo mukasintha full synthetic pa makilomita 7,500 mtengowo umakwera kufika pa K25 pa kilomita. Kwa inu amene mumayenda m'tauni tsiku ndi tsiku, galaja ya pakatiyo ingakhale yokuyenerani, bola ikuonetseni chigubu chosatsekula cha manambala oyenera. Ndipo ngakhale makilomita asanakwane, oyilo asapitirire chaka chimodzi ali mu injini, ndipo wamba ndi bwino kumusintha pakatha miyezi 6.

Nkhawa yanu yoti amakukwezerani poona kuti ndinu mzimayi ndi yomveka, ndipo zimachitikadi kwa aliyense amene akuoneka kuti safunsa mafunso, kaya ndi bambo wovala tayi. Mankhwala ake ndi kulankhula zinthu zenizeni. Mukafika n'kunena kuti mukufuna malita 4 a 5W-30 ndi fyuluta yatsopano, ndipo mukufuna kudziwa leba payokha, kukambirana kumasintha nthawi yomweyo. Gwirizanani mtengo ntchito isanayambe, ndipo nenani momveka kuti chilichonse chowonjezera ayambe akufunsani. Imani pafupi muone chigubu chikutsekulidwa pamaso panu, pemphani kuti akuonetseni fyuluta yakale imene yachotsedwa, ndipo akamaliza alize injini kwa mphindi zingapo, aizimitse, adikire pang'ono, kenako akuonetseni dipstick, kachitsulo koyezera oyilo, kuti oyilo ali pakati pa zizindikiro zake ziwiri. Oyilo wopitirira muyezo nayenso ndi woopsa chifukwa amachita thovu ndipo amaphulitsa masilo, timphira totchinga oyilo kuti asadonthe. Suzumirani pansi pa galimoto ngati pakudontha, chifukwa bawuti yomangidwa mopitirira muyezo imadya mazinga a sampu, chosungira oyilo cha pansi pa injini, ndipo galaja yachilungamo imakonza yokha cholakwa choterocho popanda kukulipiritsani.

Mukaona kuti mwalipiritsidwa zinthu zimene sizinaikidwe, kapena mtengo wasinthidwa ntchito itatha, muli ndi kodandaula. Lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2003 lilipo, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a malonda achinyengo, ndipo lamulo latsopano la 2024 linalipatsa mphamvu zolipiritsa chindapusa. Nkhani ya oyilo wachinyengo ingapitenso ku Malawi Bureau of Standards. Koma konseko adzakufunsani umboni, choncho lisiti lolembedwa mtundu wa oyilo, malita, tsiku ndi makilomita a galimoto ndi lofunika kulisunga, ngakhale litakhala lolembedwa pamanja.

FUNSO: Akonzi, ine ndimayendetsa takisi ku Mzuzu ndipo ndimakonda kugula ndekha oyilo ndi fyuluta n'kupita nazo ku galaja. Makaniko wanga wayamba kundikwezera leba ndikabwera ndi zanga, komanso nthawi zonse amandikakamiza kuti tithire mankhwala otsukira injini. Kodi zimenezi n'zoyenera?

YANKHO: Bambo, kukweza leba pang'ono kwa munthu wobwera ndi katundu wake si kuba, chifukwa magalaja ambiri amapeza mbali ya phindu lawo pa oyilo ndi fyuluta zimene amagulitsa, ndipo mukawachotsera mbali imeneyo amaibweza pa ntchito ya manja. Chofunika ndi kuwerengera ngati zonse pamodzi zikutsikabe poyerekeza ndi kugula kwa iwo, komanso kukumbukira kuti fyuluta imene mwabwera nayo ikaphulika kapena kudontha, makaniko sadzavomera mlandu. Kwa munthu woyenda makilomita ambiri ngati inu, kudzigulira kumalo odalirika kuli ndi ubwino woti mumadziwa chimene chaloŵa mu injini, ndipo ine ndikanapitiriza kutero.

Za mankhwala otsukira injini, amene amakaniko amawatcha engine flush, yankho langa ndi lakuti musamalipire nthawi iliyonse. Oyilo wabwino ali kale ndi mankhwala otsuka m'kati mwake, ndipo injini imene imasinthidwa oyilo pa nthawi yake siifuna china chowonjezera. Pa injini yakale imene yadzaza phala, mankhwalawa angathe kumatula zibuluma zimene zimakatseka sefa ya pampu, ndipo njira yofatsa ndiyo kusintha oyilo ndi fyuluta kawiri kapena katatu motsatizana pa makilomita ochepa. Ndiponso musalole kuti oyilo wa giya aphatikizidwe mu mtengo womwewo mwachisawawa, makamaka ngati takisi yanu ili ndi giya ya otomatiki ya mtundu wa CVT, chifukwa imeneyo imafuna oyilo wakewake, ndipo kuthiramo oyilo wamba wa giya ya otomatiki wotchedwa ATF kumawononga lamba wachitsulo wa m'katimo. Imeneyo ndi ntchito ina, ya mtengo wina, imene muyenera kugwirizana payokha mutaona dzina la oyiloyo pa chigubu.