Funsani Amakaniko: Paipi yachitsulo ikudontha pa kalipa

FUNSO: Bambo Makaniko, ndine Mmalawi wokhala ku Rosettenville muno mu Johannesburg, ndipo ndili ndi Toyota Corolla yakale imene ndikufuna kupita nayo kumudzi mu Disembala. Mwezi watha ndinachotsa mapaipi a labala a mabuleki n'kuikapo aja okutidwa ndi ulusi wolukana wa chitsulo chosachita dzimbiri, poti anzanga anati buleki imagwira bwino. Ntchitoyo ndinagwira ndekha. Tsopano kutsogolo kumanzere, pamene paipi ikulumikizana ndi kalipa (chitsulo chimene chimafinya mapadi a buleki pa disiki), pakumanyowa mafuta, ndipo chopondera chafewa ngati chinkhupule. Ndinamangitsa bawuti mpaka sipanala inakana, kenako ndinakulunga tepi yoyera ya mapulambala pa mazinga, koma palibe chasintha. Kodi anandigulitsa mapaipi achinyengo? — Wowerenga wa ku Rosettenville

YANKHO: Achimwene, choyamba galimotoyo muiimike, ndipo isatuluke pageti mpaka kudonthako kutatha, chifukwa mafuta amene lero akungonyowetsa bawuti angathe kufwamphuka pamene mwaponda buleki mwadzidzidzi pa maloboti. Kunena za mapaipiwo, sindikukhulupirira kuti ndiwo olakwa. M'kalata mwanu mwatchula bawuti, sipanala ndi tepi, koma mawashala simunawatchule ndi kamodzi komwe, pamene nkhani yonse yagona pa iwowo.

Pa Corolla, kumapeto kwa paipi kuli kachitsulo kooneka ngati mphete, kamene amakaniko amati banjo. Bawuti imene imadutsa m'mpheteyo si bawuti wamba, pakuti ndi yobowoka m'kati ndipo ili ndi kabowo kena m'mbali, moti mafuta amachoka m'paipi, kulowa m'mphete, kudutsa m'bawuti mpaka kukafika kwa pisitoni. Chimene chimatseka mafuta si mazinga ayi, koma mawashala awiri a mkuwa, imodzi pakati pa mutu wa bawuti ndi mphete, inayo pakati pa mphete ndi kalipa. Mkuwa ndi wofewa, choncho mukamanga umaphwanyika pang'ono n'kudzaza timizere tonse tapachitsulo, koma ukaphwanyika kamodzi umauma, ndipo ulendo wachiwiri sungagonjenso. Tengani washala yakale muione padzuwa, mudzapeza kamzere kozungulira kamene bawuti inadinda; washala yoteroyo ntchito yake inatha, ngakhale ikuoneka yosalala ngati ndalama yatsopano. Chinanso choti muyang'ane n'chakuti washala yakale imakonda kukakamira pa kalipa itadetsedwa ndi fumbi, munthu n'kusanjikiza yatsopano pamwamba pake osadziwa, ndipo pamenepo pamadontha basi.

Tepi ija muichotse yonse. Pa mazinga palibe chimene ikutseka, komanso tizidutswa take tikalowa m'kati timakatseka tinjira ting'onoting'ono ta mafuta, makamaka ngati galimoto ili ndi ABS, makina oletsa matayala kuuma n'kumaterereka poponda buleki. Bawuti imene munaimanga mpaka sipanala kukana muitaye ndithu, chifukwa chinthu chobowoka m'kati chikakokedwa mopitirira chimatanuka, ndipo chimaduka tsiku limene simukuliyembekezera. Pa ma Toyota ambiri bawutiyi imamangidwa pafupifupi 30 Nm, mphamvu yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya manati a matayala. Onani nambala yake m'buku la galimoto yanu ndipo mubwereke torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, m'malo modalira dzanja.

Musanamange bawuti yatsopano, iyikeni pambali pa ija inabwera ndi galimoto. Mazinga a M10, kutanthauza bawuti ya 10 mm kunenepa kwake, alipo a mitundu ingapo malinga ndi kutalikirana kwake, monga a 1.0 mm ndi a 1.25 mm, ndipo ndi maso okha n'kovuta kuwasiyanitsa, choncho yambani ndi zala, ndipo ngati ikulimba isanazungulire katatu kapena kanayi, imani pomwepo. Onaninso kutalika, pakuti mphete za mapaipi ogula padera nthawi zina zimakhala zopyapyala kuposa zakale, moti bawuti imakagunda pansi pa bowo isanafinye mawashala. Zikatero sipanala imakana ndithu, monga mwanenera, koma mawashala amakhala asanaphwanyike. Pukutani malo pamene washala imakhala mpaka pawale, ndipo ngati pali dzimbiri kapena pakumbika, washala yatsopano nayonso siigwira.

Kumtunda, kumene paipiyo imakumana ndi paipi youma ya m'thupi la galimoto, kulibe washala, ndipo kumatseka chifukwa milomo yazitsulo ziwirizo imagonana. Magalimoto a ku Japan ndi a ku Ulaya, monga ma Polo amene adzaza m'misewu yathu muno, kawirikawiri milomo yake imasiyana kaumbidwe ngakhale mazinga atafanana, n'chifukwa chake mapaipi amagulidwa potchula mtundu ndi chaka cha galimoto. Natiyo imafuna sipanala yake yong'ambika pakamwa, ya 10 mm pa Toyota, chifukwa sipanala wamba imaibuntha makona.

Paipi yachitsulo siifuna kupotokola. Labala amapirira, koma m'kati mwa paipi iyi muli kachubu ka pulasitiki yotchedwa PTFE kamene kakapindika mothyoka sikabwereranso, ndipo pa chifukwa chomwecho musadzaifinye ndi pulayala pofuna kuletsa mafuta monga ena amachitira ndi ya labala. Mukamaliza kumanga, galimoto ikadali pa zochirikiza, zungulitsani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, muone kuti paipi sikukokeka, sikukhudza tayala, sipuling'i kapena waya wa ABS, ndipo mubwereze galimoto itatsika pansi. Ulusi wachitsulowo ukamakhula pachinthu umadya ngati tupa.

Kufewa kwa chopondera ndi mpweya umene unalowa, ndipo muyenera kuutulutsa, kumene amakaniko amati kubulida. Pamafunika anthu awiri: wina apope n'kugwira chopondera, inu mutsegule kanipo ka pa kalipa mafuta atuluke kudzera m'kachubu koonekera m'kati, mutseke, ndiyeno iye asiye, mpaka thovu litatha. Nthawi zambiri timayambira tayala lakutali ndi master cylinder, pampu ya buleki imene ili pansi pa kabotolo ka mafuta, koma tsatirani buku, ndipo kabotolo ka mafuta kasaphwe pamene mukugwira ntchitoyi. Ngati munachotsa makalipa, onetsetsani kuti kanipo kali pamwamba, chifukwa mukasinthanitsa wakumanja ndi wakumanzere kamakhala pansi, ndipo mungabulide mpaka dzuwa kulowa mpweya osatuluka. Thirani mafuta a mtundu wolembedwa pachivindikiro, DOT 3 kapena DOT 4, a m'botolo losatsegula, koma DOT 5 ayi, poti ndi ya silikoni ndipo sisakanikirana ndi enawo. Mafutawa amayamwa chinyontho: DOT 4 yatsopano siwira isanafike madigiri 230, pamene yomwa madzi malire ake amatsika kufika cha pa 155, ndipo kusiyana kumeneku mudzakumva galimoto itadzaza katundu m'kutentha kwa ku Tete kapena m'zitunda za ku Zobue ndi Mwanza. Mafutawa akadonthera pa penti tsukani ndi madzi msanga, chifukwa amasupula.

Anzanu aja ananena zoona pang'ono chabe. Paipi yachitsulo situpa monga labala wokalamba, choncho chopondera chimamveka cholimba, koma mtunda umene galimoto imaimira umadalira matayala, mapadi ndi madisiki, ndipo ine ndikanakhala ndi ndalama zochepa ndikanayambira kumeneko. Poti munagula kale, yang'anani ngati mapaipiwo ali ndi chizindikiro cha muyezo wa mapaipi a buleki, cha DOT kapena SAE J1401. Ngati palibe chilichonse cholembedwa, bwezerani a labala atsopano musananyamuke.

Mukamaliza zonse, pukutani pa banjo paume, wina aponde buleki mwamphamvu kwa masekondi 30 injini ikulira, inu mugunditse kapepala koyera pansi pa washala iliyonse. Kapepalako kakatuluka kouma ndipo chopondera sichikutsika, yesani galimoto pang'onopang'ono mumsewu wopanda anthu, kenako muonenso pakatha sabata. Kakanyowa, ndiye kuti mwina mazinga a m'kalipa anaonongeka tsiku lija munamangitsa, ndipo kalipa ameneyo apite kwa amakaniko odziwa mabuleki nthawi ya ulendo wa ku Beitbridge isanakwane.