Funsani Malume: maliro a Lungu, viza ya ku America, mitengo ya zinthu ndi za Grammy

Makalata abwera ambiri mwezi uno moti sindingayankhe onse, ndasankhapo anayi omwe anthu ambiri afunsa mofanana. Enanu musadandaule tikumana mwezi wamawa.

Malume, ine ndili kuno ku Chipata ndipo nkhani ya maliro a bambo Lungu yatilemetsa mitima. Munthu anamwalira mu June 2025 koma patatha miyezi ingapo anali akadali mu mochale ku South Africa, abale akunena zawo boma nalo likunena zake. Pa gulu lathu la WhatsApp la kumpingo anthu afika posiya kuyankhulana chifukwa cha nkhani yomweyi. Nde inuyo mukuona bwanji, mwini maliro ndi ndani, banja kapena boma? — Mphwanu wa ku Chipata

Mphwanga, nkhani imeneyi nanenso imandiwawa, ndipo usaganize kuti ndi ya ku Zambia kokha ayi, kuno ku Malawi ikukambidwa mminibasi ndi mmisika momwe poti ife ndi inu maliro timalira mofanana.

Tiyambe ndi zomwe zinachitika kuti ena omwe sanatsatire amve. A Edgar Lungu, mtsogoleri wakale wa dziko la Zambia, anamwalira pa 5 June 2025 ku chipatala ku Pretoria ali ndi zaka 68. Boma linalengeza masiku olira ndipo anthu ku Lusaka amadikira thupi, koma banja linakana kulibweretsa ponena kuti malemuwo anasiya mawu oti a Hakainde Hichilema, omwe anawalowa mmalo pa upulezidenti, asadzayandikire maliro awo. Banja litakonza zoika ku Johannesburg pa 25 June, mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo a Mulilo Kabesha anathamangira ku khoti la ku Pretoria ndipo mwambo unaimitsidwa tsiku lomwelo anthu atavala kale zakuda. Pa 8 August khotilo linagamula kuti boma litenge thupi likaike ku Lusaka, ku Embassy Park komwe kunagona atsogoleri akale a Kaunda, a Chiluba, a Mwanawasa, a Rupiah Banda ndi a Sata. Banja silinakhutire linachita apilu, ndiye mpake chakumapeto kwa 2025 thupi linali likadali komweko.

Tsono pa funso lako. Kwathu mwini maliro ndi banja, zimenezo sitingakanganepo. Mwini mbumba ndi amene amakanena kwa amfumu, amfumu nkuloza malo kumanda, adzukulu nkuyamba kukumba. Mfumu siilanda maliro a munthu. Komanso mbali inayi tisaibise, pa maliro sitithamangitsa munthu. Amene munakangana naye malire a munda zaka khumi amabwera, amakhala pansi pa mtengo ndi amuna anzake, amaponya chipepeso chake mmbale, ndipo palibe amamufunsa kuti wadzatani.

Chomwe chavuta apa nchoti mabala ndi akuya mbali zonse. A Hichilema anatsekeredwa miyezi inayi mu 2017 pa mlandu woukira boma nthawi ya a Lungu, sizoiwalika zimenezo. A Lungu nawo atagonja mu 2021 anaona akazi awo ndi ana awo akukwera kutsika mmakhoti, mu 2023 boma linawachotsera zomwe mtsogoleri wopuma amalandira atabwerera ku ndale, kenako mu December 2024 khoti linati sangaimenso. Mayi wamasiye amene waona zonsezo ukamuuza kuti yemweyo ndi amene adzatsogolere mwambo wa amuna ake, ndimamumvetsa akakana.

Ine maganizo anga ndi akuti wamphamvu ndi amene amayenera kuyamba kufewa. Pulezidenti atangonena kuti ine ndikhala kunyumba, nditumiza wachiwiri wanga, asilikali apereke ulemu wonse, sakanachepa ayi akanakula. Ndipo banja nalo libweretse bambowo kwawo, anthu oposa miliyoni anawavotera ngakhale ulendo womwe anagonja uja ndipo nawonso akufuna kulira pafupi, mtsogoleri wa dziko kuikidwa mdziko la eni ngati wosowa kwawo sizabwino. Zoterezi zinathekapo kwina. A Mugabe a ku Zimbabwe mu 2019 boma linkafuna akaikidwe ku manda a ngwazi za dziko a Heroes Acre koma pamapeto anakagona kwawo ku Kutama. Kuno a Bingu mu 2012 analandira ulemu wonse wa boma koma anaikidwa ku Ndata ku Thyolo pa malo awo. Ku Zambia komweko mu 2021 abale ena a Kaunda ankafuna akagone pafupi ndi akazi awo a Betty, koma boma linapambana, ndipo mlandu umenewo ndi womwe boma linatsamira pa nkhani ya a Lungu. Pakufunika lamulo lolembedwa momveka kuti mtsogoleri akamwalira chimachitika nchiyani ngati banja ndi boma asemphana, ndipo ifenso kuno tiphunzirepo tisanafike pamenepo.

Za gulu la kumpingolo, auzeni abusa kapena mkulu wa mpingo aletse ndale pamenepo. Chisankho chanu chili mu August 2026, mikangano ikubwera yambiri kuposa iyi, ndipo anthu omwe mwasiya kuyankhulanawo ndi omwe adzaphike nsima pa maliro a kwanu.

Malume, mwana wanga wamkazi akumaliza sukulu ku America chaka chamawa ndipo akufuna ndikakhalepo pa graduation. Koma ndamva kuti a Trump akufuna $15,000 kuti Mmalawi alowe, zoona zimenezi? Pali mnyamata wina wandiuza kuti ndimupatse ndalama andithamangire. — Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Mayi, poyamba ndikuyamikireni, kuphunzitsa mwana mpaka kufika pamenepo sichinthu chapafupi. Chachiwiri mnyamatayo musamupatse ngakhale tambala.

Nkhaniyo inachitikadi mu 2025 koma anthu akuikamba mosokoneza. Kuyambira pa 20 August 2025 America inayamba kufuna chikole kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia, mayiko awiriwa ndi omwe anayambidwira, kwa ofuna viza yokacheza kapena ya bizinesi yomwe amaitcha B-1/B-2. Nthawi imeneyo chikolecho chinkakhala $5,000, $10,000 kapena $15,000 ndipo amene ankanena mlingo ndi ofisala wa ku ofesi ya kazembe pa tsiku la intavyu, osati wina aliyense wa panja. Ndalamayo imalipiridwa pa webusayiti ya boma la America ya Pay.gov pokhapokha atakuuzani kuti lipirani, kulipira musanauzidwe sikukupatsani viza. Mukapita nkubwerako nthawi yanu isanathe ndalama imabwezedwa. Ananenanso kuti olipira chikolewa azilowera ndi kutulukira pa mabwalo a ndege osankhidwa, poyamba anatchula Boston, JFK ku New York ndi Dulles ku Washington, ndiye musanagule tikiti funsani kaye.

Chifukwa chomwe akupereka nchoti anthu athu ena akapita sabwerera viza ikatha. Zimenezo zilipo sindikana. Koma chilango chagwera olakwika, $15,000 pa mtengo wa ku banki wa mu 2025 wa pafupifupi K1,750 pa dola inali ndalama yoposa K26 miliyoni, ndipo tonse tikudziwa kuti dola ku banki siipezeka, pa msika wa mseri ndiye ndi kuwirikiza. Mphunzitsi, nesi, mayi wa geni ngati ambiri a ife angaione kuti? Chikole chotere wolemera sichimuvuta, amene chimamutsekera ndi kholo lomwe likungofuna kukaimba nthungululu mwana akamalandira pepala lake. Boma lathu likuyenera kuikamba nkhaniyi ndi a ku Washington mosanyengerera. Inu mayi yambani msanga, funsani mwanayo akutumizireni kalata ya ku sukulu, ndipo malamulowa akusinthasintha ndiye muzimva kuchokera ku ofesi ya kazembe yeniyeniyo osati pa Facebook.

Malume ife tinavota, adadi abwerera, koma petulo wakweranso ndipo ine wa kabaza ya njinga yamoto ndikugwirira mafuta basi. Zinthu zitsika liti kodi? — Mnyamata wa ku Ndirande

Achimwene, ndikumva ululu wanu. Voti ya pa 16 September 2025 inayankhula momveka, a Peter Mutharika anapeza 56.8 peresenti a Lazarus Chakwera 33, sipanafunikenso chibwereza cha 50+1, ndipo a Chakwera anavomereza kugonja MEC isanalengeze nkomwe, chinthu chomwe tiyenera kunyadira tikayang'ana zomwe zinachitika ku Mozambique chisankho cha 2024 chitatha. Anthu sanavotere nkhope, anavotera mtengo wa chimanga, shuga, feteleza ndi mizere ya mafuta ija.

Koma ndisakunamizeni, vuto lalikulu silisamuka ndi munthu ku State House. Timagula kunja katundu wa ndalama pafupifupi katatu kuposa zomwe timagulitsa, mafuta, feteleza, mankhwala zonse zimafuna dola, pomwe ife tikudalirabe fodya. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu 2022 kenako 44 peresenti mu November 2023, namondwe Freddy anakokolola minda kummwera mu 2023, ng'amba ya El Niño inabwera pamwamba pake mu 2024, ndipo pulogalamu ya ngongole ya bungwe la IMF inafera mnjira mu May 2025. Petulo ankagulitsidwa motsika kuposa mtengo wogulira kunja nchifukwa ankasowa pa pampu nkumapezeka mzigubu, ndiye kukwera kwa mu October 2025 kuja aliyense wopambana akanakumana nako. Chomwe ndingayang'ane ine ndi ichi: kodi mizere yatha, kodi chimanga chikupezeka ku ADMARC miyezi ya njala ya January ndi February, kodi feteleza wafika mvula isanapitirire, kodi akuba ndalama za boma akumangidwa posayang'ana mtundu wa nsalu ya chipani. Lembani zomwe analonjeza pa kampeni, kuphatikizapo sekondale yaulere ija, muzisunge, ndipo phungu wanu akabwera ku Ndirande mumufunse maso ndi maso.

Malume chonde, chifukwa chani oimba athu satenga Grammy pomwe aku Nigeria ndi aku South Africa akungotenga? Kodi ndi tsankho kapena sitimatha? Ine ndimaimba kwaya koma ndimalota zazikulu. — Mtsikana wa ku Zomba

Mwana wanga, kutha timatha, ndipo uli ku Zomba komwe kunachokera oimba oyamba a dziko lino kufika pa mndandanda wa opikisana pa Grammy, mphoto zazikulu za nyimbo za ku America zija. Anali akaidi ndi asilikali a ndende ya Zomba, gulu la Zomba Prison Project, omwe anapikisana nawo pa mphoto za 2016 ndipo amene anapambana mgawo lawolo chaka chimenecho anali Angélique Kidjo wa ku Benin. Sanali ndi situdiyo yapamwamba, anali ndi mawu awo ndi Chichewa chawo basi.

Gawo la nyimbo za mu Africa linayamba mu 2024, Tyla wa ku Johannesburg ndi amene anayamba kutenga kenako Tems wa ku Nigeria mu 2025. Dziwa kuti kumeneko savota ndi ma like, amavota ndi mamembala a Recording Academy, bungwe lomwe limapereka mphotozi, ndiye nyimbo imafunika kampani yoifikitsa mmakutu mwawo, ndipo anzathuwo ali ndi anthu ochuluka kwawo ndi kunja omwe amalipira kuti amvere. Ife timakonda oimba athu ndi pakamwa, nyimbo timakaikitsa mu memory card pa benchi ya mumsika, pa shoo timafuna kulowa ulere pogwiritsa ntchito dzina la msuweni wa pa geti, kenako woimba akadwala timayamba kusonkha. Zimenezi zimandipweteka kwambiri. Iwe pitiriza kwaya, kumeneko ndi komwe khutu limaphunzira mawu anayi. Phunzira gitala kapena kiyibodi, yamba kulemba nyimbo zako mchilankhulo chako usatengere kaimbidwe ka ku Lagos, ndipo ukajambula yoyamba pita ukailembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, isanafike pa wailesi.