Mwana akakakamira buku limodzi, mubwerekereni kachisanu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi mnzanga wa ku Mufakose, mumzinda uno wa Harare ku Zimbabwe, ndipo wandilola kuti ndimuyankhe poyera. Amagulitsa zovala m'tauni, amachoka pakhomo kusanache, amabwerako dzuwa litalowa. Ana ali nawo awiri, wamkulu wa zaka 6, wamng'ono, Tadala, wa zaka 3. Kamodzi pamwezi amawatengera ku laibulale, koma wamng'onoyo akangolowa amathamangira buku lomwe lija, la mbuzi yothawa m'khola, ndipo alibwereka kale kanayi. Funso lake nali: "Kodi sindikungotaya ndalama ya kombi? Nthawi yowerenga ndimakhala nayo mphindi 10 zokha, ndipo ndimafuna aphunzirepo zatsopano. Ndimukanize? Chinanso, mabukuwa ndi a Chingerezi okhaokha, pamene ine mtima wanga uli pa Chichewa cha agogo awo."

Amake Tadala, musamukanize. Mbuziyo ibwerekeni kachisanu, ndipo akaifunanso mwezi wamawa muibwerekenso.

Kwathu kuno ku Mabvuku tinali ndi buku lathu lotere. Linali la nkhuku yomwe inkafunafuna anapiye ake pamsika, masamba ake osakwana 20, chikuto chomatamata ndi tepi. Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka 3 nthawi imeneyo. Usiku wina magetsi atazima, nsima ndinaphikira pambaula, mbale zili mbwee pansi, msana ukuwawa. Iye anabwera nalo bukulo n'kudzikhazika pamiyendo panga. Nyale ya sola inali itayamba kuzilala, ndiye ndinatsegula masamba awiri pamodzi kuti tifulumire. Anandigwira dzanja. "Ayi amama, mwadumpha wa tomato." Anabweza tsambalo yekha, n'kuyika chala pa mayi wogulitsa tomato, n'kunena mawu onse a patsambalo osaphonya ngakhale amodzi, chikhalirecho sankadziwa chilembo n'chimodzi chomwe. Kenaka chala chija chinatsetserekera pakona, pansi pa tebulo la tomatoyo, pomwe panali kamwanapiye kobisala, kongooneka mlomo. Ine bukulo ndinali nditaliwerenga kambirimbiri koma kamwanapiyeko ndinali ndisanakaonepo. Iye anakapeza usiku umenewo, ndipo kukondwa kwake kunali ngati watola ndalama panjira.

Ife akuluakulu timawerenga kuti tidziwe mathero, tikawadziwa basi zatha. Mwana wa zaka 3 sali choncho. Ulendo woyamba mutu wake wonse umakhala pa kutsatira chomwe chikuchitika: mbuzi yathawa, yapita kuti, aigwira kodi? Mawu achilendo amangomudutsa. Akaidziwa nkhaniyo mtima umakhala pansi, ndiye makutu amayamba kutola mawu, maso amayamba kuyenda m'makona a chithunzi. Pali kafukufuku amene anachita Jessica Horst ndi anzake ku yunivesite ya Sussex ku England, n'kumusindikiza mu 2011. Anatenga ana a zaka 3 n'kuwawerengera nkhani zomwe munali mayina achilendo a zinthu. Ena ankamva nkhani imodzi mobwerezabwereza, ena ankamva nkhani zosiyanasiyana, koma mayina achilendowo onse anawamva kangapo mofanana. Amene anasunga bwino mayinawo m'mutu ndi omwe ankamva nkhani yomweyomweyo. Ndiye zatsopano zomwe mukufuna kuti Tadala aphunzire akuziphunzira m'buku lakalelo.

Komatu ife a mtundu uno sitinayenera kudikira anthu a ku England kuti atiuze zimenezi. Agogo anga aakazi anachokera ku Dedza, anatsatira agogo aamuna omwe anabwera kudzagwira ntchito kuno mzinda uno wa Harare ukadatchedwa Salisbury. Nthano anali nazo mwina zisanu ndi imodzi basi. Akati "Padangotero," ife tonse "Tili tonse!" ndipo tinkadziwa kale kuti Kalulu amupusitsa Fisi, tinkadziwa pomwe nyimbo ilowere, tinkayamba kuipolokoza iwo asanatsegule pakamwa. Palibe tsiku lomwe tinati agogo, imeneyo tinaimva kale. Akasintha pang'ono tinkawakonza. Anzathu a Chishona nyumba yoyandikana nayo ankachita chimodzimodzi ndi "Paivapo" ndi "Dzepfunde" wawo. Chichewa chomwe ndikulembachi chambiri ndinachitola m'nthano zobwerezedwazo, chifukwa kusukulu kunalibe, kunjira kunali Chishona.

Apa ndiye pali yankho la funso lanu lachiwiri, ndipo ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Buku lomwe mwana waliloweza ndi lomwe mungalisandutse la Chichewa mosavuta. Buku latsopano mumalimbana nalo nonse awiri, inu maso pa zilembo, iye maso pa chithunzi. Koma la mbuzilo nonse mukulidziwa. Usiku wina ingotsegulani n'kuyamba kuti "Padangotero," mumuphunzitse kuvomera, kenaka fotokozani zithunzizo m'chilankhulo chanu osayang'ana zolembedwazo. Mbuzi yathyola khola, yathawa liwiro la mtondo wadooka. Mwini wake watuluka, m'kholamo muli zii. Nkhuku zamwazikana balalabalala. Mawu ngati amenewa Chingerezi cha m'bukumo chilibe, ndipo ana amawakonda koopsa, amawabwereza tsiku lonse. Mwanayo sasochera chifukwa nkhaniyo ali nayo kale m'mutu, amangolumikiza mawu atsopano ndi chithunzi chomwe akuchidziwa: iyi ndi mbuzi, ili ndi khola, ichi ndi chingwe. Mwina poyamba akana, anena kuti simukuwerenga bwino. Wanga anakana masiku awiri. Ndinamuuza kuti lero tiwerenga ngati agogo, mawa tiwerenga ngati aphunzitsi, ndipo posakhalitsa ankasankha yekha kuti lero n'za agogo.

Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a mu 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo ine zimenezi zimandinyaditsa. Koma lamulo silifika pamphasa madzulo. Mwana wobadwira ku Mufakose, ku Mbare kapena ku Tafara, ngati pakhomo palibe womulankhula Chichewa, amakula akudziwa "muli bwanji" yekha. Ngati foni yanu ili ndi intaneti, yang'anani African Storybook, ya bungwe la Saide la ku South Africa, komwe kuli nkhani zaulere za zithunzi m'zilankhulo zambiri za mu Africa. Fufuzani pa dzina la Chichewa komanso la Chinyanja. A bungwe la Book Dash nawonso ali ndi mabuku aulere, ena opanda mawu n'komwe, zithunzi zokhazokha, oti mawu mumaikamo nokha. Ngakhale zili choncho ine ndimakondabe buku la pepala, loti mwana atembenuze tsamba ndi dzanja lake, poti foni ikalira nkhani imadukira pomwepo.

Za mphindi 10 musadandaule nazo. Zikukwana, makamaka pa buku lodziwika. Munthu wotopa kuwerenga buku latsopano ndi ntchito, koma lakale limayenda lokha, theka la mawu amanena ndi mwanayo. Muziima pakati pa chiganizo kuti amalize iye. Muzimufunsa kuti mbuzi ili kuti, nanga uyu wakwiyiranji. Ndipo sikuti mpaka nthawi yogona ayi. Ife tawerengapo m'kombi pobwera kutchalitchi, tawerengapo tili pamzere wa kumjigo zigubu zili ndondondo kutsogolo kwathu. Tsiku lomwe mwalephereratu, mupatseni wamkuluyo kuti amuwerengere mng'ono wake inu mukuvundula nsima. Wa zaka 6 amene akuphunzira kumene kuwerenga amalimba mtima ndi buku lomwe analimva kambiri, ndipo mng'onoyo akamukonza pena, asiyeni akangane pang'ono, kumenekonso n'kuphunzira.

Ku laibulale chitani chonchi: aliyense atenge lake lapamtima popanda kumufunsa chifukwa, ndipo inu musankhe limodzi latsopano. Latsopanolo musalikakamize. Lisiyeni pampando, tsiku lina muliwerenge inu nokha mokweza ngati mukudziwerengera, muona akusendera. Mwa mabuku asanu otere mwina limodzi ndi lomwe lidzalande malo a mbuzi. Afunseninso ogwira ntchito kumeneko ngati n'kotheka kuwonjezera masiku a buku lomwe muli nalo kale, ndipo muwauze kuti mwana walikonda. Anthu amenewa amadziwa mabuku ena ofanana nalo. Pakhomo bukulo lizikhala m'jumbo, pamwamba, kutali ndi ndiwo ndi madzi, pakuti pali mwana wina kwinakwake amene akulidikira. Tsamba likang'ambika kanenenitu pobweza, osangolilowetsa mwakachetechete.

Simunandiuze kuti mumapita ku laibulale iti. Ngati simunafikepo ku Harare City Library ku Rotten Row, tsiku lina Loweruka mudzawatengereko anawo. Inayamba mu 1902, ndipo Doris Lessing, wolemba mabuku yemwe anakulira m'dziko muno n'kudzalandira mphotho ya Nobel mu 2007, atamwalira mu 2013 anaisiyira mabuku ake oposa 3,000. Wamkuluyo mudzamuuze zimenezi, aone kuti munthu amatha kukonda mabuku mpaka kuwasiya ngati chuma cha masiye. Wamng'onoyo sizimukhudza, iye akakafika akafunsa ngati kulinso mbuzi.

Wanga uja tsopano ali ndi zaka 8. Buku la nkhuku analisiya yekha, popanda womuuza. Loweruka lina tinalowa mu laibulale, analiona pashelefu, analisisita pachikuto n'kupitirira kukatenga la ndege. Ine ndi amene ndinaima pamenepo kanthawi, ndinalitsegula pa tsamba la tomato kuti ndione ngati kamwanapiye kaja kakadalipo. Mwezi wathawu msuweni wake wa zaka 2 anabwera kudzagona kwathu, ndipo ndili kukhitchini ndinamva mawu kuchipinda akuti, "Ukamva ndati padangotero, iwe uziti tili tonse." Analibe buku m'manja. Ankamufotokozera za nkhuku yofunafuna anapiye pamsika, m'Chichewa, ndipo wa tomato sanamudumphe.