Musanasankhe, funsani kuti nthambiyo yamaliza malonda angati

Achimwene, mwafotokoza kuti mwagwira ntchito zaka ziwiri ku banki yolangiza makampani pa nkhani zogulana, ndipo tsopano mwaitanidwa ku nthambi ya corporate development (yoona zogula makampani ena) m'makampani awiri opanga mapulogalamu a pakompyuta. Ina ndi yaikulu, yodziwika padziko lonse, pomwe inayo ndi yapakatikati ndipo eni ake ndi bungwe la private equity, ndiye kuti bungwe logula makampani ndi cholinga chodzawagulitsanso pa phindu. Mukufunsa kuti mupite kuti. Maganizo anga ndi akuti dzina la kampani lisakhale poyambira, chifukwa chimene chidzakuphunzitseni ntchitoyi ndi kuchuluka kwa malonda amene nthambiyo imamaliza, komanso gawo limene inuyo mudzapatsidwe pa malondawo.

Mbiri ya makampani akuluakulu imamveka kutali. Microsoft inagula LinkedIn mu 2016 pa madola 26.2 biliyoni, ndipo Salesforce inamaliza kugula Slack mu 2021 pa madola 27.7 biliyoni. Koma malonda otere sabwera chaka chilichonse, ndipo akabwera, zokambirana zenizeni zimachitika pakati pa mkulu wa kampani, woyang'anira zachuma, maloya ndi mabanki olembedwa ntchito. Wongolowa kumene amakhala pa Excel, kukonza ziwerengero zimene ena akakambirane m'chipinda chimene iye salowamo. Sindikupeputsa ntchito imeneyo, pakuti imaphunzitsa kusamala, koma ngati munachoka ku banki chifukwa chofuna kukhala pafupi ndi amene amapanga chiganizo, mukhoza kupeza kuti mwangosintha nyumba yogwiriramo ntchito basi.

Palinso vuto lina limene ofunsira ntchito saliganizira kwenikweni, lakuti kampani ikakula kwambiri, maboma amayang'anitsitsa chilichonse chimene ikufuna kugula. Adobe inalengeza mu September 2022 kuti igula Figma pa madola 20 biliyoni. Patatha miyezi 15, mabungwe oona za mpikisano pa malonda ku Britain ndi ku European Union atasonyeza nkhawa, malondawo anathetsedwa, ndipo Adobe inalipira Figma madola 1 biliyoni. Ganizirani munthu amene nthawi yonseyo anali pa ntchito imodziyo. Mtima wa eni masheya nawonso umasintha: mu 2023, atapanikizidwa ndi eni masheya ena monga Elliott Management, akuluakulu a Salesforce anathetsa komiti yawo yoona zogula makampani. Zikatero, nthambi ya corporate development imatsala ndi ntchito yolemba malipoti a msika.

Kumbali inayo kuli makampani amene moyo wawo wonse ndi kugula anzawo. Chitsanzo chodziwika ndi Constellation Software ya ku Toronto, yomwe Mark Leonard anayambitsa mu 1995. Yagula makampani ang'onoang'ono mazanamazana, ambiri opanga mapulogalamu a ntchito imodzi yokha, ndipo sichizolowezi chake kuwagulitsanso. Makampani amene ali m'manja mwa mabungwe a private equity monga Thoma Bravo kapena Vista Equity Partners nawonso amakonda kukula pogula anzawo ang'onoang'ono. M'malo otere gululo limakhala la anthu ochepa, choncho inuyo ndi amene mudzaimbire foni mwini kampani, mudzafufuze mabuku ake, mudzaone ngati makasitomala ake amalipiranso chaka ndi chaka kapena amathawa, mudzakhalepo pokambirana mtengo, ndiponso mudzatsale kuona ngati zimene munalonjeza pa pepala zikuchitikadi. Gawo lomalizali, lophatikiza kampani yogulidwayo ndi yanu, ndi limene a ku banki saliona, ndipo ndi pamene malonda ambiri amaonongekera: akatswiri olemba mapulogalamu amachoka, mapulogalamu awiriwo amakana kugwirizana, ogulitsa sadziwa choti awauze makasitomala.

Musaganize kuti kumeneko kulibe zowawa. Nthawi yambiri imathera pa kufunafuna woti agulitse, ndipo eni makampani ambiri amakana kapena sayankha n'komwe. Komanso bungwe la private equity limagula kuti lidzagulitse pakapita zaka zingapo, ndipo mwini watsopano akhoza kubwera ndi anthu ake.

Pa malipiro ndinena mwachidule. Kawirikawiri konse kuwiri mudzalandira zochepa poyerekeza ndi ku banki, koma mudzagona bwino. Kusiyana kuli pa masheya: a kampani yaikulu mukhoza kuwagulitsa pamsika nthawi yake ikakwana, pomwe a kampani ya private equity amasanduka ndalama pokhapokha kampaniyo itagulitsidwa pa mtengo wabwino, choncho werengani bwino zimene zidzachitike mukachoka nthawiyo isanafike.

Musanasaine, afunseni onse awiri kuti m'zaka zitatu zapitazi amaliza malonda angati, ndipo atchule mayina. Funsani kuti mkulu wa nthambiyo amayankha kwa ndani, chifukwa amene ali pansi pa woyang'anira zachuma amakhala kwambiri pa ziwerengero, pomwe amene ali pafupi ndi mkulu wa kampani kapena opanga mapulogalamu amakhala ndi mawu pa zoti agule chiyani. Funsaninso kuti amene anali pa mpando wanuwo anapita kuti. Makwerero a m'nthambizi ndi opapatiza, mkulu amakhala mmodzi ndipo sachoka msanga, kotero ambiri amasamukira ku nthambi ya zachuma kapena kukayendetsa gawo lina la bizinesi.

Malinga ndi zimene mwalemba, ine ndikanapita ku kampani yapakatikatiyo, koma pokhapokha atandionetsa malonda amene amaliza posachedwapa ndi ndalama zimene eni ake aika padera zogulira ena. Akayamba kuzungulira pa funso limeneli, tengani ntchito ya ku kampani yaikuluyo, ndipo mupemphe kuti akuikeni pa malonda ang'onoang'ono, amene akuluakulu sawalimbirana.