Ulendo wa pagalimoto kunja kwa dziko ndi ana aang'ono: yambirani ku Luangwa

Mayi wina wa ku Area 25 mu Lilongwe wandilembera imelo. Iye ndi bambo a kunyumba ali ndi ana awiri, wa zaka 4 ndi wa zaka 7, ndipo akufuna kuti pa tchuthi cha mu Ogasiti akaone mathithi a Victoria ku Livingstone pa galimoto yawo yaing'ono, azikagona m'tenti pofuna kupulumutsa ndalama. Funso lawo ndi lakuti, kodi zimenezi n'zotheka?

Mayi, n'zotheka ndithu, koma ine sindikulangizani kuti muyambire kumeneko. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Livingstone kudzera ku Chipata ndi ku Lusaka ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,200, ndipo muli ndi ana amsinkhu umenewo mungayende masiku awiri kapena atatu popita pokha. Ndalama zonse zomwe mukanapulumutsa pogona m'tenti zidzathera ku mafuta, ndipo anawo chomwe adzakumbukire ndi mpando wa kumbuyo basi. Yambirani ku Mfuwe m'dziko la Zambia, m'mphepete mwa nkhalango yosungirako nyama ya South Luangwa. Nakonso ndi kunja, ndipo mapasipoti adzadindidwa, koma mtunda wake sufika makilomita 300: kuchoka ku Lilongwe mutsata msewu wa M12 mpaka ku Mchinji, muwoloka malire pa Mwami, mufika ku Chipata, kenako makilomita pafupifupi 130 a tala kutsikira kuchigwa cha Luangwa. Mukanyamuka mbandakucha, tenti mukhoma dzuwa lisanalowe.

Chimene chimachedwetsa anthu ndi mapepala. Amalawi safunika viza polowa m'Zambia, koma mwana aliyense akhale ndi pasipoti yakeyake. Galimoto ndiyo imafuna zambiri: buku lake lija timalitcha blue book, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti si yakuba, kalata yochokera kubanki ngati ngongole yake simunamalize, komanso inshuwalansi yoyendera m'maiko ena ya COMESA Yellow Card, yomwe ndi bwino kuigulira konkuno ku kampani yanu ya inshuwalansi. Pamalire mulembetsa chilolezo cholowetsa galimoto kwa kanthawi, ndipo mulipira msonkho wa utsi ndi wa msewu. Chitsegulireni malo amodzi ochitira zonse pa Mwami mu Disembala 2022, simuimanso mbali ziwiri monga kale, komabe ola limodzi kapena awiri muwerengere, ndipo ana akhale atadya. Malisiti onse muwasunge pafupi, chifukwa apolisi a pamsewu amawafunsa, pamodzi ndi matirayango awiri ofiira ndi timapepala tonyezimira, toyera kutsogolo ndi tofiira kumbuyo. Ndalama ya ku Zambia nayonso ndi kwacha, koma mphamvu zake n'zosiyana kwambiri ndi yathu, choncho pofunsa mtengo muzitsimikiza kuti akunena kwacha iti. Poti ndalama zakunja zimavuta kupeza kuno kwathu, yambani kukonza zimenezi mwezi wathunthu ulendo usanafike, kuti musakagwe m'manja mwa anyamata osintha ndalama pamalire.

Ubwino waukulu wa Mfuwe kwa munthu wa thumba lopepuka ndi wakuti malo okhomapo matenti ali kunja kwa nkhalango, m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, ndipo nyama sizidziwa kuti malire a nkhalango ali pati. Njovu zimadutsa pamsasa, mvuu zimalira usiku wonse, ndipo ng'ona mumaziona zikuwothera dzuwa pamchenga inu muli pampando ndi kapu ya tiyi. Polowa m'nkhalango mumalipira munthu aliyense pa tsiku, galimotonso payokha. Ndiye pa masiku anayi, lowani masiku awiri okha, enawo mukhale pamsasa. Geti amatsegula 6 koloko m'mawa, ndipo oyendetsa okha ayenera kukhala atatuluka pofika 6 koloko madzulo. M'nyengo yopanda mvula misewu ikuluikulu yapafupi ndi geti galimoto yaing'ono imayendamo mukamapita pang'onopang'ono. Kumeneko mudzaona mbidzi, njati ndi nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft, yemwe sapezeka kwina kulikonse koma m'chigwa chimenechi. Zoyenda pansi m'tchire, zomwe katswiri wosamalira nyama zakutchire Norman Carr anatchukitsa nazo Luangwa, ana anu sangaloledwe chifukwa ndi aang'ono.

Chakudya mutenge kunyumba: ufa, nyemba, usipa, mpunga, mbaula ndi mapoto awiri. Nyama, buledi ndi madzi akumwa mukagule ku Chipata, komwe mudzazenso mafuta, ndipo chilankhulo sichidzakuvutani popeza Chinyanja cha kumeneko n'chapafupi kwambiri ndi Chichewa chathu. Koma chakudya chisagone m'tenti ngakhale pang'ono, makamaka zipatso, chifukwa njovu imanunkhiza lalanje patali. Zonse zitsekeredwe m'galimoto. Ife titapita kumeneko, tsiku lathu loyamba ndinasiya buledi patebulo n'kutembenuka kuti ndikupize moto, ndipo pocheuka ndinaona pusi ali pamwamba pa mtengo, akung'amba pulasitiki mosatekeseka, mwana wanga wamng'ono akulira pansi. Tinamwa tiyi wopanda chomwera m'mawa umenewo.

Usiku ndiwo ufunika kuuganizira mofatsa. Mvuu zimatuluka m'madzi kukadya udzu, ndipo nthawi zina mumamva zikubudula udzu pafupi penipeni ndi tenti. Mwana wa zaka 4 akadzuka pakati pa usiku kufuna kutaya madzi, simungamutulutse kupita naye kuchimbudzi, choncho tengani kandowa kokhala ndi chivindikiro ndi tochi yowala bwino. Zipi ya tenti izikhala yotseka nthawi zonse, anawo azigona pakati pa inu makolo, ndipo masana asayandikire gombe la mtsinje ali okha. Ndingakulangizeninso kuti muyambe mwakhoma tentiyo pabwalo la kunyumba kwanu n'kugonamo usiku umodzi, chifukwa mwana woopa mdima ndi bwino mumudziwire ku Area 25 kusiyana ndi ku Luangwa.

Mwasankha bwino mwezi wa Ogasiti, popeza mu Okutobala chigwachi chimatentha mpaka kupitirira madigiri 40, ndipo m'dzinja misewu yambiri ya m'nkhalango imasanduka matope. Komabe m'mamawa kumazizira, choncho majuzi ndi mabulangete musasiye. Pewani zovala zakuda ndi zabuluu chifukwa zimakopa akashembe. Malungo aliko chaka chonse, ndiye anawo muziwaveka zovala za manja aatali dzuwa likamalowa, ndipo wina akatentha thupi muli komweko kapena patatha masabata angapo mutabwerako, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe magazi.